Format si mankhwala a matenda onse a kompyuta

Mu Ndola muno, laputopu ikangoyamba kuonetsa sikirini ya buluu kapena kuzungulira osafika, yankho la okonza ambiri ndi limodzi: "Bwana, iyi ni ya format chabe." Mwiniwake amavomera, amalipira, mawa amatenga makina oyaka bwino koma opanda kanthu. Asainimenti ya mwana wa ku NORTEC ku Kansenshi yapita. Ma CV, zithunzi za ukwati, kaundula wa ngongole za pashopu, mndandanda wa chilimba, zonse zapita. Ine ndikuti chizolowezi ichi chatidyera zambiri, ndipo nthawi zambiri sichifunika.

Windows ili ndi mafayilo akeake masauzande amene amayendetsa makina, monga injini ya minibasi. Mafayilo anu ndiwo katundu wa apaulendo. Fayilo imodzi ya Windows ikawonongeka, makina amatsokomola, koma katundu amakhala ali bwinobwino. Manje ni dalaivala uti angataye basi pamodzi ndi matumba a anthu chifukwa cha pulagi imodzi?

Chimene chimawononga mafayilowa tonse timachidziwa: malaiti. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko, ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mpaka makomboni ena kumawaona maola ochepa chabe patsiku. Malaputopu ambiri amene timagula ndi ogwirapo kale ntchito, batire inafa kalekale. Malaiti akathima pamene Windows ili mkati molemba update, fayilo imatsala theka. Onjezerani mavairasi a pa fulashi yoyenda m'ma internet cafe, ndi disiki yokalamba, matenda akwana.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti Windows ili ndi zida zodzikonzera yokha, zaulere. Ngati makina akuyakabe, tsegulani Command Prompt monga administrator, lembani sfc /scannow. Pulogalamuyi imayendera mafayilo a Windows, yowonongeka n'kuisintha ndi yabwino. Ikalephera, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, imene imakonza nkhokwe imene sfc imatengamo mafayilo abwino. Iyi imafuna intaneti, choncho konzani bando. Ikatha, bwerezani sfc. Palinso chkdsk yoyeza disiki. Ngati makina sakufika n'komwe pa desktop, pali Startup Repair, imene imadzitulukira yokha Windows ikalephera kuyaka kangapo motsatizana. Zonsezi zikakanika, pali Reset this PC, posankha Keep my files: mapulogalamu amachoka, koma zolemba ndi zithunzi zimatsala. Format ili kumapeto kwa mzere, osati kutsogolo.

Tisawanamizire okonza. Kuyeza kumadya maola, ndipo pa jenereta ola lililonse ndi petulo. Format ndi yachangu, ndipo ife eni ake ndife timafika tili pamoto, ati "nifuna lelo lelo." Nthawi zina disiki imakhala ikufa zenizeni. Koma pamenepo format sithandizanso: pakapita milungu ingapo vuto limabwerera, ndalama yapita kawiri. Wokonza weniweni amayamba wayeza, n'kukuuzani chimene wapeza. Kuchipatala sitilola opaleshoni tisanapimidwe, nanga bwanji pakauntala?

Musanasiye makina anu, funsani mafunso atatu. Loyamba: mwayesa kukonza Windows musanaganize zofufuta? Lachiwiri: mafayilo anga mukopera kuti? Ngakhale Windows itakana kuyaka, nthawi zambiri disiki imatha kuchotsedwa n'kulumikizidwa ku kompyuta ina, kapena makina kuyatsidwa ndi fulashi, mafayilo n'kupulumuka. Wokonza akati sizitheka asanayese n'komwe, nyamulani katundu wanu, pitani kwina. Lachitatu: mukamaliza, kope la mafayilo anga mufufuta? Mu laputopu muli chithunzi cha NRC yanu, mapepala a kubanki, mameseji. Dziko lathu lili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo zinsinsi za kasitomala si zoonetsa anzanu kuseri kwa shopu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Fulashi imodzi yosungirako zofunika, kapena Google Drive imene imapereka 15GB yaulere, ndi yotchipa kuposa misozi. Batire ikafa, gulani ina musanagule foni yatsopano. Windows ikalemba kuti musazimitse makina, musayambe update pamene mukudziwa kuti malaiti atsala pang'ono kupita. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, choncho makina akale adzafuna chisamaliro chochuluka, osati chochepa.

Ku makoleji amene amaphunzitsa achinyamata ntchito imeneyi, kuno ku Ndola ndi ku Kitwe, pempho n'lakuti: aphunzitseni kupulumutsa mafayilo choyamba, kufufuta pambuyo. Windows yatsopano imalowa m'ola limodzi kapena awiri. Lipoti limene munthu walemba miyezi 6, nthawi zina pa kandulo, silibwerera.