Nyimbo yobwereka si yako

Mlungu wathawu mnzanga wina anandiseka m'minibasi ataona ndikutulutsa iPod Classic yanga yokandikakandika kumsana. Anandifunsa ngati ndinali paulendo wokaipereka ku Museum ya ku Chichiri. Iye akuti masiku ano nyimbo zonse zili pa intaneti, ndipo wosunga nyimbo m'kachipangizo ka hard drive ndi munthu wotsalira. Ndinaseka naye, koma maganizo amenewa ndikuwakana, ndipo ndikuwakana monga munthu amene anaphunzira za zinenero.

Tiyambe ndi kachipangizoko. Kampani ya Apple inatulutsa iPod yoyamba mu 2001, yokhala ndi malo a 5GB. Mu 2005 inabwera yoonetsa kanema, ndipo mu 2007 inabwera Classic ya 160GB, imene eni ake ankati imasunga nyimbo 40,000. Anasiya kuipanga mu 2014. Makampani a Archos ndi Creative nawonso anali ndi zawo. Zonsezi zinali nkhokwe za m'thumba: chimene waikamo ndi chako, sichifuna bandulo, sichidikira netiweki, ndipo palibe amene angachichotse ali kutsidya kwa nyanja.

Nanga mawu akuti zonse zili pa intaneti ndi oona? Zonse za ndani? Spotify inafika ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021, ndipo oimba athu ambiri a lero alipodi. Koma nyimbo za Chinyanja sizinayambe mu 2021. Zambiri zinatuluka pa kaseti, zina zinajambulidwa ku wailesi n'kuthera komweko. Mayina a Allan Namoko, Daniel Kachamba ndi Alick Nkhata ali ndi mwayi chifukwa anatchuka. Nanga kwaya ya pampingo wa kumudzi imene inatulutsa kaseti imodzi yokha? Nanga amayi oimba pamtondo, kapena anyamata a mganda? Makampani akuluakulu sadzapita kukawafunafuna, chifukwa palibe phindu lowakokera kumeneko.

Ngakhale zimene zili pa intanetizo sizikhalitsa monga tiganizira. Mu 2019 Myspace inavomera kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kwa zaka zoposa 10, pamene inkasamutsa katundu wake kupita ku makompyuta ena. Oimba amene analibe kope lawolawo anangogwira pakamwa. Ndalama ya mwezi ndi mwezi imene timalipira si yogulira nyimbo, ndi ya lendi. Ukaleka kulipira, chitseko chimatsekedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha chinenero. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timaulemba chimodzimodzi, khutu lokha ndilo limasiyanitsa. Pepala silingakuuzeni mmene Mmang'anja wa ku Chikwawa amayankhulira mosiyana ndi Mchewa wa ku Kasungu, kapena wa ku Katete ndi wa ku Angónia. Ngakhale ŵ amene ambiri tinasiya kumulemba, alipo anthu amene amamutchulabe, ndipo umboni wake uli m'mawu ojambulidwa. Hugh Tracey anayenda m'madera athu m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Timuthokoze, komanso tichite manyazi pang'ono: iye ankayenda ndi galimoto yodzaza makina, ife tili ndi zipangizo zokwana m'dzanja koma sitisunga kanthu.

M'kachipangizo kamene mnzanga anakaseka muli mawu a agogo anga aakazi a ku Mchinji akusimba nthano, ndi kanema wa chimtali amene ndinajambula ndili pasukulu. Agogowo anatisiya. Mawu ena amene ankagwiritsa ntchito sindinawapeze mu mtanthauziramawu aliyense amene ndinatsegula. Ndiuzeni kampani imene ikanandisungira zimenezi.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri, ndipo sindizithawa. Yoyamba ndi yakuti hard drive imafa. Zoona: m'kati mwake muli kambale kozungulira, ndipo kachipangizo kakagwa pansi kangathe kutayitsa zonse. Batire nayonso imatopa. Koma yankho lake ndi kukhala ndi makope awiri kapena atatu m'malo osiyana, limodzi mwa m'bale wako. Ena amachotsa hard drive yakaleyo n'kuikamo memory card. Sindikulambira chitsulo ayi, ndipo amene alibe iPod asunge m'chilichonse chimene ali nacho. Mlimi saleka kumanga nkhokwe chifukwa choopa anankafumbwe.

Yachiwiri ndi yakuti nkhokwe zoterezi zimadzaza ndi nyimbo zakuba. Apa ndivomera ndi mtima wonse kuti malo obenera nyimbo m'misika yathu asaukitsa oimba ambiri, ndipo bungwe la COSOMA silinakhazikitsidwe pachabe. Koma kukhala ndi chinthu n'kosiyana ndi kuba. Gulani kwa woimba mwiniwake, mpatseni ndalama yake m'manja, kenako sungani. Kaseti imene bambo anu anagula ndi ndalama zawo, ikopereni isanadyedwe ndi chinyezi. Zimene mwajambula kwa akuluakulu, pemphani chilolezo chawo, ndipo zachinsinsi za kudambwe zisiyeni kudambwe.

Pempho langa kwa inu a ku Chipata, Lusaka, Tete, Harare, Johannesburg ndi kwathu kuno ndi ili: mwezi uno aliyense akopere kaseti imodzi kapena ajambule munthu wamkulu mmodzi. Polemba dzina la fayilo, ikanipo woimba kapena wosimba, mudzi wake ndi chaka, chifukwa "Track 01" sadzauza mdzukulu wanu kanthu. Amene ali ndi wailesi ya kaseti yogwirabe ntchito anene pansipa, tibwerekane.