Cipulumutso sicigulidwa ndi thumba la cimanga

Nyengo yokolola ikafika kuno kum'mawa, alimi sitikhala tokha. Amabwera ogula mbeu ndi masikelo ao, amabwera a salaula, ndipo masiku ano amabweranso alaliki ena ndi mahema ndi zokuzira mau. Uthenga wao ndi wakuti tibzale mbeu kwa munthu wa Mulungu kuti tilandire cipulumutso ndi madalitso. Mbeu imene anenayo si cimanga kapena nshawa ai, koma makwaca. Nkhani imeneyi tiyenera kuikamba poyera, cifukwa mabanja ena ali kugulitsa mbuzi ndi kupungula nkhokwe kuti agule kabotolo ka mafuta kapena madzi odzozedwa, ndipo pofika February ana agona ndi njala.

Abale ndi alongo, kodi kubadwanso mwatsopano n'kutani? Pa Yohane 3 timamva za Nikodemo, Mfarisi wophunzira ndi waudindo, amene anapita kwa Yesu usiku. Ambuye sanamfunse za cuma cake. Anamuuza kuti ayenera kubadwanso mwa madzi ndi Mzimu. Tonse tidziwa kuti khanda silibwera ndi kanthu m'manja, ndipo palibe analipirapo kuti abadwe. Paulo pa Aefeso 2 aphunzitsa zomwezo, kuti timapulumuka mwa cisomo pokhulupirira, ndipo imeneyi ndi mphatso yoti munthu asadzitame nayo. Pa Macitidwe 8 Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera. Petro anamdzudzula kolimba namuuza kuti alape.

Ici si ciphunzitso ca mpingo umodzi. Pa 31 October 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Akatolika ndi a Lutheran anasaina cikalata cobvomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa cisomo cokha, pokhulupirira nchito ya Khristu, ndipo Mzimu ndiye amampatsa mphamvu yocita zabwino. A Methodist analowamo mu 2006, ndipo mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse inalowamo mu 2017. Ngati mipingo imene inasiyana maganizo zaka zoposa 400 igwirizana kuti cipulumutso cilibe mtengo, nanga mlendo wa hema waupeza kuti mtengowo?

Uthenga Wabwino si wacilendo pakati pathu. Amishoni a Dutch anafika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, a Anglican anakhazikika ku Msoro, Akatolika ku Minga. Makolo athu anali kulowa kalasi ndi kuphunzira Mau nthawi yaitali asanabatizidwe. Cimene anali kufunsidwa cinali cikhulupiriro cao ndi mayendedwe ao.

Wina adzati, kodi ndiye kuti copereka n'coipa? Iai. Copereka ca pa Sabata, cakhumi ndi zamasika ndizo zifolera machalichi athu ndi kusamala abusa, ansembe ndi odwala. Kusiyana kwake n'kwakuti copereka ceniceni ndi kuthokoza pa cimene talandira kale, ndipo akulu a mpingo amawerengera mpingo wonse m'mene ndalama zayendera. Koma pamene munthu akuuzani kuti K500 ibweretsa dalitso loposa la K50, pamenepo ndi pamsika. Cilala ca 2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, sicinafunse mwini munda kuti anapereka zingati kwa mneneri.

Tsono ngati kubadwanso sikugulidwa, kumaoneka bwanji? Zakeyu pa Luka 19 atalandira Yesu m'nyumba mwace, analonjeza kupatsa osauka theka la cuma cake ndi kubweza kanai kwa onse amene anawabera. Ndalama zace zinapita kwa anthu amene anawalakwira. Kwa ife alimi tanthauzo lace n'losabisika. Munthu wobadwanso sathira mcenga kapena madzi m'thonje kuti lilemere pa sikelo. Satenga mbeu ndi mankhwala pa ngongole kenaka n'kugulitsa zokolola kwina usiku. Sagulitsa feteleza wa FISP kuti akamwere kacasu pamene mkazi wace alima yekha. Sasuntha malire a munda wa mnzace. Salanda ng'ombe ndi malata kwa mkazi wamasiye, cinthu cimene ngakhale lamulo la dziko la 1989 liletsa. Ngati ndiye wogula, meda yace ndi sikelo yace zikhala zoona. Nchito zimenezi sizigula cipulumutso, koma ndizo ngala zoonetsa kuti mbeu inameradi.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'malamulo akulu a dziko. Koma cilengezo sicibala munthu mwatsopano, monganso yunifomu ya Cigwirizano kapena khadi la ubatizo. Aliyense ayenera kulapa yekha ndi kukhulupirira yekha.

Tipempha abusa, ansembe, akatekisti ndi akulu a mpingo kuti aphunzitse nkhani imeneyi momveka misika ya mbeu isanatseguke, ndiponso kuti aziyendera odwala ndi osweka mtima, pakuti iwowa ndiwo amathamangira ku hema akaona kuti mpingo wao wawaiwala. Tipemphanso mafumu kuti azifunsa mlaliki aliyense wofika m'mudzi kumene acokera ndi mpingo umene wamtuma. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma tiyambe taona ngati kalumoko kadzatimeta kapena kadzang'amba thumba lathu. Cimanga tisungire ana, mtima tipereke kwa Khristu amene analipira kale pa mtanda.