Boma Lisathawe Mapiri Amene Linadyerapo



Pamene muli pa basi kupita ku Krugersdorp kapena ku Randfontein, muona mapiri acikasu a dothi locokera pansi pa mgodi. Ena a ife tiyesa ndi mcenga cabe. Iai, abale. M'dothi limenelo muli yureniyamu, mwala umene uturutsa mphamvu yosaoneka ndi maso, yoononga thupi pang'onopang'ono.

M'caka ca 1952 migodi ya golidi ya kuno inayamba kupatula yureniyamu ndi kugulitsa ku America ndi ku Britain, kumene anafuna kupangira mabomba. Amene anakumba mwalawo anali makolo athu, obwera ndi Wenela. Makampani anapindula, Boma linalandira msonkho, ndipo zotsalazo anaziunjika pafupi ndi nyumba za anthu osauka.

Tsono taonani zipatso zace. Mu 2002 madzi oipa a m'migodi yotsekedwa anayamba kubulika pamtunda kufupi ndi Krugersdorp. Mu 2009 Auditor-General anawerenga migodi yosiyidwa 5,906 m'dziko lino. Ku Tudor Shaft anthu anamanga zisakasa pa dothi lomwelo, ndipo mu 2011 mabanja ena anawasamutsa cifukwa ca ngoziyo. Mphepo ya mu August ikaomba, pfumbi lilowa m'mbale za ana ku Riverlea ndi ku Snake Park.

Akulu ena ati, eni migodi anacoka kale, mlandu si wathu. Kodi nzoona? Anapatsa cilolezo cokumba ndani? Analandira msonkho ndani? Mdindo wokhulupirika sadya phindu la munda ndi kukana kuzula minga. Lamulo liti kampani isunge ndarama zokonzera malo ikatha nchito. Ngati ndaramazo zinacepa, wolakwa ndi iye amene anayenera kuyang'anira, si mwana wopuma pfumbi.

Cifukwa cace tinena poyera: Boma likwirire mapiriwo ndi kubzalapo udzu, liyeretse madzi, lisamutse onse okhala pangozi, ndipo likakamize makampani otsala kulipira.

Ndipo ife tisakhale cete poti ndife alendo. Musalime ndiwo m'mbali mwa mapiriwo, musacape m'mitsinje yocokerako, musalole ana kuseweramo. Akulu a mpingo alembe kalata ku Boma, tonse tiikepo maina. Dziko ndi la Mulungu. Olamulira angolisunga, ndipo adzayankha.

Ine wanu mwa Ambuye,
Kalaliki wa pa mgodi