Kiyibodi Tinagula Ndife, Lero Yatitseka Pakamwa

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndikufuna ndiyambane ndi anthu awiri: mnyamata wa pa kiyibodi ndi mnzake wogwira maiki uja, amene timati wotsogolera nyimbo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo musathawe, werengani mpaka pansi.

Kwathu kuno kufupi ndi doko la Kachulu, kiyibodi ya mpingo sinagwe kumwamba ayi. Tinachita pepa Sande kangapo. Wina anagulitsa thumba la mpunga, wina matemba, ine ndinaponya phindu langa la pamsika la masiku atatu. Tinagulanso sipika, batire ndi sola yake. Tinkati nyimbo zathu zikome. Lero pitani mukaone: anthu agwira mabuku a nyimbo m'manja, milomo ili chete, akungoyang'ana kutsogolo ngati ali pa shoo ya vidiyo.

Mlandu woyamba ndi wanu achimwene a pa kiyibodi. Nyimbo mumaiyambira kumwamba kwenikweni, kumene amafikako ndi ana a Sande sukulu okha. Agogo amayesa mzere woyamba, mawu n'kuthyoka, n'kutsokomola, basi atseka buku. Chonsecho makiyibodi a Yamaha ndi Casio amenewa ali ndi batani lotsitsira mawu, lolembedwa transpose. Mumalidziwa bwino. Kungoti mumayezera kukhosi kwa mnzanu wa maiki, osati kwa mpingo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ng'oma ya m'makina ija. Mwapeza biti imodzi yomwe mumaikonda, ndiye ya chopereka ndi yomweyo, ya Mgonero ndi yomweyo, ya maliro ndi yomweyonso. Mwezi watha tinaika mayi wina wa Mvano amene anatiphunzitsa ambirife kuyimba. Amayi anavala yunifolomu, anazungulira bokosi, anayamba nyimbo mwa kachitidwe kawo, pang'onopang'ono, kukoka mawu, kupuma pamodzi. Mwadzidzidzi kumbuyo kunangomveka tsiki-tsiki-dum! Makina sapuma, salira, sadikira munthu amene misozi yamutsamwitsa. Amayi aja anayesa kuthamangira biti, analephera, nyimbo inangoduka pakati. Mwana wa malemu anaweramitsa mutu. Ine manyazi anandigwira ngati kiyibodiyo ndikuliza ndine.

Za kumangogogoda timabatani nthawi ya pemphero ndi ya zolengeza sindinenapo zambiri. Mkulu wa mpingo akutchula mayina a odwala, inu muli ting'i-ting'i, kuyesa nyimbo yotsatira. Zala zikuyabwani? Zikhalireni.

Tsopano inu a maiki. Ntchito yanu ndi kutipatsa mawu oyamba, kenako kulowa pakati pathu. Inu mwasandutsa guwa kukhala siteji. Mzere uliwonse mumaupinda, mumaukoka, mumawonjezera zanu zimene m'buku mulibe, moti munthu sadziwa polowera. Kolasi imodzi kubwereza kakhumi, dzuwa lili paliwombo, nyemba zikupserera kunyumba. Ndiye mumakuwa kuti, "Sindikukumvani!" Mutimva bwanji, sipika yaikulu ngati mtanga wa usipa ili kukhutu kwanu ndipo ikufuula mawu anu omwe?

Ndikudziwa zimene muyankhe mu ndemanga. Muti anyamatawa salipidwa, anadziphunzitsa okha, ndipo pakanapanda kiyibodi achinyamata bwenzi ali kumpira kapena kudoko. Zoona, ndipo sindikuti ibwezedwe kusitolo. Ikalizidwa motsika, motsatira anthu, imakoma zedi. Koma kudzipereka si chilolezo chotilanda nyimbo. Inenso pamsika sindingamuthire kasitomala mchere mu mpunga n'kumati musadandaule, ndinadzuka m'mamawa.

Kuyimba kwa mpingo kuno sikunayambe ndi batire. Mishoni ya ku Domasi inayamba mu 1884, kulibe magetsi, ndipo mibadwo yakhala ikuyimba za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi pakamwa pokha, amayi pamwamba, abambo pansi. Ndinazimva ndekha nthawi ya dzinja, mitambo itaphimba sabata yonse, sola osatchaja. Batire linathera pakati pa ndime yachiwiri. Kunali zii pang'ono. Kenako gogo wina wa kumbuyo, amene ndinkayesa anaiwala kuyimba, anaitola nyimbo pomwe inagwera, motsika bwino. Amayi analowa, abambo a besi anabwera pansi pake, mpaka malata ananjenjemera. Ndinamva mawu a mayi anga koyamba patapita zaka. Mnyamata wa kiyibodi anali kalikiliki kugwedeza mawaya, osamva n'komwe chimene chikuchitika kumbuyo kwake.

Ndiye achimwene, tsitsani mawu, zimitsani biti pa maliro ndi pa Mgonero, ndipo a maiki mukatiyambitsa muziichotsa pakamwa. Lamulungu likubwerali ndikhala benchi ya kutsogolo, mbali imene kuli waya wa batire.