Kuganiza Kwambiri Kuli ndi Cithandizo Cake

M'miphakati mwathu muli anthu amene tulo tinawathawa kalekale. Bambo wacotsedwa nchito amakhala pakhonde tsiku lathunthu osalankhula. Mai wamasiye waleka kubwera ku Misa, ndipo nsima yomwe saimvanso kukoma. Ife timafulumira kunena kuti walodzedwa, kapena kuti cikhulupiriro cake cazirala. Koma kawirikawiri awa ndi matenda a maganizo, ndipo alipo macizidwe ake.

Njira imodzi imachedwa CBT. Anaikonza ndi dokotala Aaron Beck wa ku Philadelphia, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti cimene munthu amadziuza mumtima ndico cimautsa cisoni kapena mantha, ndipo cisonico cimalamulira zocita zake. Bambo uja akadziuza kuti, "Ndine wacabecabe," amadzipatula ndi kuthawira ku kacasu. Mawa lake amadziona wacabecabe koposa dzulo. Mlangizi wa CBT amakhala naye kamodzi pa sabata, namufunsa modekha: Kodi umboni wa ganizoli uli kuti? Nanga mnzanu akanakhala m'vuto lomweli, mukanamuuza ciani? Wodwala amalemba maganizo ake m'kabuku, nayamba kucita kanthu kamodzi tsiku lililonse, monga kuthirira dimba kapena kukaceza kwa mbale. Pang'ono ndi pang'ono ganizo loipa lija limatha mphamvu.

Vuto lathu ndi lakuti madokotala a matenda amenewa ndi ocepa, ndipo cipatala cacikulu ca Chainama Hills ciri ku Lusaka, kutali ndi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi. Komabe tisataye mtima. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, wa ana 257 a mu Lusaka amene anaona zoopsa, anasonyeza kuti alangizi wamba ophunzitsidwa bwino angathe kupereka CBT, ndipo ana ambiri anapeza bwino. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki. Nchitoyo imachedwa Friendship Bench. Kuno kwathu, lamulo la mu 2019 linalowa m'malo mwa lakale la atsamunda, ndipo limateteza ulemu ndi ufulu wa odwala maganizo.

Tsono ife ticitenji? Tileke mau onyoza akuti "wofuntha". Tiperekeze m'bale wathu ku kiliniki, tikafunse anamwino ngati pali mlangizi wophunzira njira imeneyi. Wina akanena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha. Tipite naye kucipatala tsiku lomwelo. Ndipo makhonsolo a maparishi aganizire zotumiza amai ndi abambo okhwima maganizo ku maphunziro a uphungu.

Pemphero tisaleke ai. Koma monga sitiletsa wodwala malungo kumwa mankhwala atatha kupemphera, wodwala maganizo naye tisamutsekere njira. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga.