Mlimi wa tsabola, yang'ana nambala yachitatu pa thumba

Alimi ambiri a tsabola ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Zomba amathira m'munda feteleza wotsala ku chimanga. Sindiwadzudzula, poti feteleza wadula ndipo munthu amagwiritsa ntchito chomwe chili m'nyumba. Koma tsabola ali ndi njala yakeyake, ndipo chomwe amachifuna kwambiri pobereka ndi potaziyamu.

Pa thumba la feteleza pamakhala nambala zitatu. Yoyamba ndi nayitirojeni, yachiwiri fosiforasi, yachitatu potaziyamu. Chitowe amene tinakula naye ndi 23:21:0+4S, kutanthauza kuti potaziyamu mulibiretu. Anamukonza chotero pa nthawi imene akatswiri ankaona kuti nthaka yathu ili ndi mchere umenewu wokwanira. Koma tsabola wakale sawawa. Talima minda yomweyo chaka ndi chaka, kukolola, kutentha mapesi, osabwezera kanthu. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa wa masiku ano ndi 23:10:5+6S+1Zn. Komabe 5 ameneyu ndi wochepa kwa mbewu yobereka zipatso: m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 2.5 okha a potashi, pamene la D Compound wa 8:18:15, amene alimi a fodya amamudziwa bwino, lili ndi 7.5.

Ntchito ya potaziyamu siioneka msanga ngati ya yureya, amene amabiriwitsa munda m'masiku ochepa. Pamasamba pali timabowo tosaoneka ndi maso topumira mbewu, ndipo potaziyamu ndiye amatitsegula ndi kutitseka. Akakhala wokwanira, tsabola sataya madzi wambawamba mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale. Ndi iyenso amathandiza kusamutsa shuga wopangidwa m'masamba kupita naye ku zipatso. Zikatero zipatso zimakhwima bwino, zimalemera, zimafiira mofanana, ndipo mtengo umalimba n'kumapirira matenda.

Mlimi wa kapiripiri amagulitsa tsabola wouma, ndipo wogula amayang'ana kufiira asanatchule mtengo. Wotuwa ndi wopepuka amagwera m'giredi yotsika. Choncho nambala yachitatu ija imakathera pasikelo. Ku mbali ya thanzi, tsabola wakupsa wamuwisi ali ndi vitamini C woposa wa lalanje tikayeza kulemera kofanana, ndipo mbewu yopeza potaziyamu wokwanira imakhala ndi vitaminiyu wambiri kusiyana ndi yoperewedwa. Za kuwawa, chachikulu ndi mtundu wa mbewu: kambuzi ndi kambuzi, feteleza sangamusandutse wina.

Munda umanena wokha ukaperewedwa. Masamba akale, a m'munsi, amayamba chikasu m'mphepete, kenako m'mphepetemo mumauma ngati mwawauka ndi moto, pakati pali pobiriwira. Ambiri akaona zimenezi amathamangira yureya. Zotsatira zake mtengo umachita masamba ambiri, maluwa n'kumayoyoka, zipatso n'kuchepa.

Kuchulutsa nakonso kumapweteka. Potaziyamu akapyola muyeso amatsekereza kashiamu ndi maginiziyamu kulowa m'mizu, ndipo zipatso zimatha kuwola kunsonga. Feteleza wa MOP ali ndi potashi 60 pa 100, koma alinso ndi kolorayidi amene tsabola sagwirizana naye akachuluka. Wa SOP ali ndi 50 pa 100 pamodzi ndi salufa, ndipo ndi wofatsa kwa tsabola ngakhale ndi wodula. Nzeru yabwino n'kugawa: wina pookera, wina maluwa akayamba, makamaka pa dothi lamchenga pomwe mvula imatsuka mchere msanga. Tsabola amathyoledwa kwa miyezi ingapo, ndipo dengu lililonse lotuluka m'munda limachotsa potaziyamu m'nthaka.

Wopanda ndalama asataye mtima. Manyowa owola bwino ndi phulusa la nkhuni zili ndi potaziyamu. Phulusa lithiridwe pang'ono, ndipo lisasakanizidwe ndi yureya poti limauluzitsa nayitirojeni. Mapesi a fodya ali nayenso wambiri, koma amatha kubweretsa matenda a vayirasi amene amagwiranso tsabola, choncho ndi bwino kuwapewa.

Pempho langa likupita kwa alangizi, magulu a alimi ndi makampani ogula tsabola. Musamangopereka mbewu n'kudikira zokolola. Thandizani makalabu kutumiza dothi kukayezetsa ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, kuti mlimi agule feteleza woyenera munda wake. Amene amawerama tsiku lonse kuthyola kapiripiri mmodzimmodzi, zala zikuyaka, ayenera kulandira mtengo wa giredi yoyamba.