Tisawakhazike Pamphasa Agogo Athu

Pa tchuthi cha Khirisimasi agogo anga aakazi anaterereka ndi kugwa pakhomo la bafa. Mwamwayi sanathyoke paliponse, anangosupuka bondo. Koma kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panakhazikika lamulo lakuti agogo asagwirenso ntchito. Akatenga tsache, mlongo wanga amawalanda. Akati apite kudimba, tonse timati, "Iyayi agogo, khalani pamphasa, tikuchitirani ndife." Ine ndiye ndinali patsogolo, poganiza kuti umenewu ndiwo ulemu. Nditapitanso kumudzi pa tchuthi cha Pasaka ndinapeza agogo akulephera kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ulemu wathu uja unali chikomekome cha nkhuyu.

Anzanga owerenga, kugwa kwa okalamba si nkhani yamasewera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa. Pa ngozi zonse, ndi zapamsewu zokha zimene zimapha anthu ambiri kuposa apa. Gulu lalikulu la omwalirawa ndi la anthu opitirira zaka 60, ndipo imfa zoposa 80 pa 100 zilizonse zimachitika m'maiko osalemera ngati lathu lino. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri siyendanso monga kale.

Nanga chimagwetsa nkhalamba nchiyani? Zifukwa zilipo zambiri: maso ofooka, chizungulire, mankhwala ena, mdima ndiponso malo oterera. Koma chifukwa china chachikulu ndi kufooka kwa miyendo ndi kulephera kuima nji. Minofu ili ngati khasu, ikangokhala imachita dzimbiri. Munthu akagwa kamodzi amayamba mantha. Mantha amamukhazika pansi, kukhala pansi kumafooketsa miyendo, ndipo miyendo yofooka imamugwetsanso. Ife pokhazika agogo pamphasa tinali kuthandiza mantha aja.

Anthu ena anaganizapo kale za vutoli. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a pa Yunivesite ya Otago ku New Zealand, motsogozedwa ndi John Campbell ndi Clare Robertson, anakonza ndondomeko ya masewera olimbitsa thupi ochitira pakhomo. Anaiyesa pa anthu oposa 1,000 a zaka zoyambira 65 mpaka 97, ndipo kugwa kunachepa ndi 35 pa 100. Masewerawa amatenga mphindi pafupifupi 30, katatu pa sabata, kuwonjezapo kawongola miyendo kawiri pa sabata. Wophunzitsa amakhala namwino kapena katswiri wa mafupa ndi minofu, amene amayamba ndi zosavuta nkumawonjezera pang'onopang'ono.

Chimene chinandidabwitsa nchakuti ambiri mwa masewerawa safuna chuma. Nkhalamba imadzuka pampando nkukhalanso kangapo. Imaima ndi mwendo umodzi itagwira khoma kapena tebulo. Imaimira pa zala, kenaka pa zidendene. Imayenda cham'mbali, chobwerera m'mbuyo, ndiponso mondondozana mapazi ngati ikuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Kodi pamenepa pali chimene mudzi wathu ungasowe?

Wina anganene kuti, "Zimenezo nza azungu. Agogo athu amalima, amatunga madzi, amayenda mtunda wautali." Nzoona, ndipo amene akadali ndi mphamvu tisawalande khasu. Komatu kuyenda kokha sikuphunzitsa thupi kudzigwira likapendekeka. Nchifukwa chake mu 2020 a WHO analangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera olimbitsa minofu ndi ophunzitsa thupi kuima nji masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Komanso tisaiwale nkhalamba zimene zinasiya kale kulima, zimene zimangotsata mthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zimenezi ndizo zili pangozi yaikulu.

Sindikunena kuti tizikakamiza odwala. Ngati agogo amamva chizungulire, kupweteka pamtima kapena befu, tiyambe tapita nawo kuchipatala. Pochita masewera pakhale munthu pambali, ndi chinthu cholimba chogwira. Tichotsenso miyala panjira yopita kuchimbudzi, ndipo usiku tochi ikhale pafupi ndi pamene amagona.

Ine ndinayesa ndi agogo anga masiku otsala a tchuthi chija. Nditawaikira mpando pafupi ndi khoma anaseka nati, "Amuna anga, mwafuna kundilemba usilikali?" Tsiku loyamba anadzuka katatu kokha, atagwira. Tsiku lobwerera kusukulu anafika kasanu ndi kawiri, ndipo ntchito yowerenga ndinamusiyira mlongo wanga, yemwe uja wolanda tsache.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati tikufuna kuti dambo limeneli likhalitse, tisinthe kaperekedwe ka ulemu wathu. Tchuthi chikubwerachi, m'malo monena kuti, "Khalani pansi agogo," tiyeni tiwatambasulire dzanja tinene kuti, "Tiyeni tiimirire limodzi."